Phale la paphiri ndi mafupa a ku Maiden Castle

Mayi wina amene amagwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Dorchester, ku England, watifunsa motere: "Pafupi ndi mudzi umene ndimakhala pali kaphiri kamene ndimakonda kukwera ndikapuma kuntchito. Chakumtunda kwake kuli ngalande yokwiririka ndi mtumbira wautali, zonse zomera udzu, koma sizizungulira phiri lonse. Ena m'mudzimo amati linali linga la anthu akale ngati Maiden Castle, ena amati inali minda chabe. Tsiku lina ndinatola phale lakuda pa dothi limene akalulu anafukula. Kodi akatswiri amadziwa bwanji kuti malo otere anali linga? Nanga n'zoona kuti ku Maiden Castle Aroma anapha anthu ambirimbiri? Ine ndikaona malo amenewa ndimaganiza za makolo athu amene ankathawira m'mapiri nthawi ya nkhondo za Angoni."

Zikomo kwambiri mayi. Mkangano wa anansi anuwo sungathe ndi maso okha, ndipo si iwo okha amene ali nawo. Mu 2017 akatswiri a mayunivesite a Oxford ndi Edinburgh, motsogoleredwa ndi Gary Lock ndi Ian Ralston, anatulutsa kaundula wa malinga a m'mapiri a ku Britain ndi Ireland. Mu kaundulayo muli malo 4,147, koma si onse amene analembedwa kuti ndi otsimikizika. Ena ambiri analowamo ndi chizindikiro chakuti akukayikitsabe. Kaphiri kanuko kakhoza kukhala m'gulu limenelo, mwinanso sikanalembedwe n'komwe.

Zinthu zonamiza maso pa mapiri a ku Dorset, dera limene kuli Dorchester, n'zambiri. Alimi a zaka za m'ma 1200 ndi 1300 ankalima mpaka m'malo otsetsereka, ndipo khasu la ng'ombe likadutsa mzere womwewo zaka zambirimbiri dothi limatsikira kumunsi n'kupanga masitepe aataliatali amene munthu angaganize kuti ndi mpanda. Palinso njira zakale zimene zinakumbika ndi mapazi ndi ngolo, malo amene anthu ankakumbapo choko kapena miyala, ndi ngalande zimene asilikali anakumba pochita maphunziro awo pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu zapadziko lonse. Zonsezi zikamera udzu zimafanana.

Mukadzakweranso, yang'anani zinthu izi. Ngalande ili kuti, kunja kwa mtumbira kapena mkati? Anthu ofuna kutsekereza mdani amakumba ngalande kunja, dothi lake n'kuliunjika mkati, kuti wobwerayo ayambe watsikira m'dzenje kenako akwere chikweza chachitali. Ngalande ikakhala mkati mwa mtumbira, kawirikawiri malowo anali a miyambo kapena osungiramo ziweto. Masitepe a minda alibe ngalande n'komwe, ndipo amakhala angapo motsatizana kutsika phiri. Funaninso chipata. Pa malinga ambiri mapeto a mtumbira amapindikira mkati pakhomo, kupanga kanjira kopapatiza. Zakuti mtumbirawo suzungulira phiri lonse zisakudandaulitseni. Pali malinga ambiri amene anamangidwa pamphuno pa phiri, pamene mbali ziwiri kapena zitatu ndi phompho kale, ndiye omanga ankangodula khosi lolowera. Kwinanso mbali ina ya mtumbira inafafanizika ndi makasu a alimi a m'mbuyo muno.

Izi zimangopereka chiyembekezo. Katswiri amapitirira ndi zida zoona popanda kukumba. Pali LiDAR, njira yoyeza kukwera ndi kutsika kwa nthaka ndi kuwala kochokera m'ndege, imene imaonetsa ngakhale mtumbira wotsala masentimita ochepa kapena wobisika m'nkhalango, ndipo zithunzi zake za dziko la England boma limazipereka ulere pa intaneti. Pali makina oyeza mphamvu ya maginito m'nthaka, amene munthu amayenda nawo uku ndi uku m'munda. Dothi lodzaza m'dzenje lakale kapena pamalo pamene panayaka moto limasiyana ndi choko chozungulira, ndiye pa kompyuta pamatuluka mizere ya ngalande, timadontho ta maenje ndi mikombero ya nyumba zozungulira.

Koma zaka za malowo zimadziwika pokhapokha wina akakumba, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Ofukula amadula kangalande kopingasa mtumbira ndi ngalande mpaka kufika pa choko chosakhudzidwa, kenako amawerenga khoma la chodulidwacho ngati mmene dothi linaunjikirana. Pansi pa mtumbira pamakhala kamzere kakuda, kamene ndi nthaka imene anthu ankapondapo tsiku lomwe anayamba kumanga. Chilichonse chopezeka m'kamzereko n'chakale kuposa mtumbira. Pansi penipeni pa ngalande pamakhala dothi loyamba kugumukiramo, ndipo fupa kapena nyanga ya gwape yokumbira imene yagona pamenepo inagwamo ngalande ikadali yatsopano. Fupa limenelo, kapena kambewu ka tirigu kopserera, n'zimene zimatumizidwa kukayezedwa ndi njira ya carbon-14. Chamoyo chilichonse chimatenga carbon-14 chili moyo, chikafa amayamba kuchepa, ndipo theka lake limatha pa zaka pafupifupi 5,730. Njira imeneyi ili ndi vuto limodzi lowawa kwa ife ofufuza malinga: pakati pa zaka za 800 ndi 400 Khristu asanabadwe, zotsatira zake zimatuluka zofanana kwambiri, moti fupa la m'chaka cha 750 ndi la m'chaka cha 450 zimavuta kuzisiyanitsa. Imeneyo ndiyo nthawi yomwe malinga ambiri a kum'mwera kwa England anamangidwa. N'chifukwa chake timadalirabe mapale ndi dongosolo la mmene dothi lagonerana, osati makina okha.

Tsopano tibwere ku Maiden Castle, imene ili makilomita pafupifupi 2.5 kum'mwera chakumadzulo kwa Dorchester. Munthu akaima pansi pake amaona chinthu chimodzi chachikulu, ngati kuti mfumu ina inalamula tsiku limodzi kuti chimangidwe. Zofukulidwa zimakana zimenezo. Cha m'ma 3500 Khristu asanabadwe, anthu amene sankadziwa n'komwe chitsulo anakumba ngalande zodukizadukiza kum'mawa kwa phirilo, ndipo pambuyo pake anaunjika mtumbira umodzi wautali mamita oposa 500. Panadutsa zaka masauzande. Cha m'ma 600 Khristu asanabadwe ndi pamene linga loyamba linamangidwa, la mtumbira umodzi ndi ngalande imodzi, lozinga mahekitala pafupifupi 6. Cha m'ma 450 analikulitsa chakumadzulo mpaka mahekitala 19, kenako mibadwo yotsatira inawonjezera mizere ina ya mitumbira ndi zipata zokhotakhota. Ndipo cha kumapeto kwa zaka za m'ma 300 Khristu atabadwa, linga litasiyidwa kalekale, anthu anamangapo kakachisi ka miyala kamene maziko ake mungawaone lero. Phiri ndi limodzi, koma ntchito zake zinasintha kangapo, ndipo phale lililonse lopezeka pamenepo liyenera kufunsidwa kuti ndi la nthawi iti mwa zonsezi.

Nanga mkati mwa malinga otere mumapezeka chiyani? Anthu amayembekezera malupanga ndi zishango. Zimene zimadzaza mabokosi a ofukula ndi mapale, mafupa a nkhosa, ng'ombe ndi nkhumba, mphero, miyala yolemetsera ulusi powomba nsalu, zipeso za fupa, ndi tirigu ndi balere wopserera. Malo amene anatiphunzitsa bwino zimenezi ndi Danebury, ku Hampshire, kumene Barry Cunliffe anakumba kuyambira 1969 mpaka 1988. Anapeza misewu, nyumba zozungulira, mizere ya maenje anayianayi a nsanamira amene ambiri amati anali nkhokwe zokwezeka, ndi maenje oposa 2,000 okumbidwa m'choko.

Maenje amenewa ine amandigwira mtima kuposa china chilichonse pa malinga. Ena ndi akuya kuposa msinkhu wa munthu, opapatiza kukamwa, otambalala pansi. Munthu angaganize kuti mbewu yoikidwa m'dzenje m'dziko la mvula ngati England iwola basi. Peter Reynolds anayesa zimenezi pa famu yoyeserera ya Butser, imene inayamba mu 1972. Akadzaza dzenje ndi tirigu n'kumata pakamwa ndi dongo, mbewu zokhudza khoma zimanyowa n'kuyamba kumera. Pomera zimamaliza mpweya wabwino umene unali m'dzenjemo n'kutulutsa woipa, ndiye tizilombo ndi nkhungu zimalephera kuchita kanthu, ndipo mbewu zapakati zimagona mpaka nthawi yodzala. Anthu amene anadziwa zimenezi anali alimi ozindikira, ndipo linga linali malo osungira chakudya cha dera lonse. Dzenje likatha ntchito silinkangotayidwa. Pansi pa ena pamapezeka mutu wa hatchi, galu wathunthu, mphero yosweka, nthawi zina mafupa a munthu, zoikidwa mwadala.

Sindikunena kuti kunalibe nkhondo. Pafupi ndi chipata cha kum'mawa cha Maiden Castle panapezeka dzenje limodzi lokhala ndi miyala yoburungira yoposa 20,000, yotoledwa kugombe la Chesil, makilomita pafupifupi 10 kuchokera paphiripo. Ndi miyala ya gulaye. Munthu sasenza miyala yochuluka chotere kukwera nayo phiri popanda chimene akuopa. Komabe mulu wa miyala yosaponyedwa umangotiuza kuti anthu anakonzeka. Sutiuza kuti mdani anabweradi.

Pa funso lanu la Aroma ndiyenera kuchedwapo, chifukwa nkhani imene munamvayo ndi yotchuka kwambiri ndipo inachokera kwa katswiri wamkulu. Mortimer Wheeler ndi mkazi wake Tessa Verney Wheeler anayamba kukumba ku Maiden Castle mu 1934. Tessa anamwalira mu 1936, ntchito inapitirira mpaka 1937. Kunja kwa chipata cha kum'mawa anapeza manda. Zigaza zina zinali ndi mabala a lupanga, ena obwerezabwereza pamutu umodzi, ndipo mwamuna wina anali ndi nsonga ya chitsulo yobaya fupa la msana. Panalinso phulusa lambiri. Wheeler ankadziwa kuti Aroma analowa m'Britain m'chaka cha 43 Khristu atabadwa, pa ulamuliro wa mfumu yawo Claudius, ndiponso kuti wolemba mbiri wa Chiroma Suetonius ananena kuti mkulu wa asilikali Vespasian anagonjetsa mitundu iwiri yamphamvu, midzi yamalinga yoposa 20 ndi chilumba cha Wight. Anaphatikiza zonsezi n'kupanga nkhani imodzi: asilikali a Vespasian anaponya mivi ndi makina awo oponyera mivi, anatentha nyumba za pachipata, anapha amuna ndi akazi, ndipo opulumuka anakwirira abale awo mofulumira usiku. Lipoti lake linatuluka mu 1943, nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ili mkati, iye mwini ali msilikali. Nkhaniyo inalowa m'mabuku a sukulu ndipo inakhala m'mitu ya anthu zaka zambiri.

Mu 1985 ndi 1986 Niall Sharples anakumbanso pamalowo n'kuunikanso zimene Wheeler anapeza. Phulusa lija linapezeka kuti likugwirizana ndi ntchito ya osula zitsulo, amene ankagwirira ntchito pachipata chomwecho. Pa anthu 52 a m'mandamo, Sharples anawerenga 14 okha okhala ndi zizindikiro zoonekeratu za imfa yachiwawa, ngakhale kuti ena amene anaunika mafupawo pambuyo pake anapeza mabala pa anthu ochulukirapo. Chofunika kwambiri ndi mmene anaikidwira. Ambiri anagonekedwa mwa mwambo wa anthu a m'deralo, miyendo yopinda, pambali pawo pali mbiya, mwendo wa nkhosa, mphete kapena mikanda. Munthu amene mudzi wake wangotenthedwa kumene ndipo adani akadali pakhomo sapeza mpata wophera nkhosa maliro aliwonse. Kenako mu 2025 akatswiri a yunivesite ya Bournemouth, Martin Smith, Miles Russell ndi Paul Cheetham, anafalitsa zotsatira za kuyeza mafupawo ndi carbon-14. Anapeza kuti anthuwo sanafe tsiku limodzi. Anafa nthawi zosiyanasiyana pa mibadwo ingapo, kuyambira kumapeto kwa zaka 100 zomaliza Khristu asanabadwe mpaka kumayambiriro kwa zaka 100 zoyamba atabadwa. Ngakhale nsonga ya chitsulo ija, pali akatswiri amene amati ndi ya mkondo wa eni dziko, osati muvi wa makina a Aroma.

Choncho yankho langa ndi lakuti anthu aja anaphedwadi, ena mwankhanza yoopsa, ndipo mabala awo si nthano. Koma umboni umene ulipo lero ukuloza ku ziwawa za pakati pa eni dziko okhaokha, kaya kulimbirana ufumu, kubwezerana kapena kupha anthu ogwidwa, osati ku tsiku limodzi la Aroma. Wheeler sanapeke mafupa, ndipo analemba zimene anapeza mosamala moti ena atha kubwerera n'kumutsutsa pogwiritsa ntchito zolemba zake zomwe. Chimene chinachitika n'chakuti nkhani yolembedwa ya Suetonius inali kale m'mutu mwake pamene ankayang'ana m'manda. Chiyeso chomwecho chimatigwera tonse tikaima pa kaphiri ngati kanuko: timayamba ndi nkhani imene tikuifuna, kenako timafunafuna zoigwirizira.

Umboni wa kuukiridwa ukakhalapo umaoneka mosiyana. Ku Crickley Hill, ku Gloucestershire, kumene Philip Dixon anakumba zaka zambiri kuyambira 1969, nsonga za mivi za mwala zoposa 400 zinapezeka zitaunjikana pa mzere wa mpanda ndi pazipata, n'kumamwazikira mkati motsatira njira zolowera, ndipo mpandawo unatenthedwa. Izi zinachitika zaka zoposa 5,000 zapitazo. Pamenepo malo amene nsonga iliyonse inagwera ndi amene akufotokoza nkhondoyo. Zikanakhala kuti wina anazitola n'kuziika m'thumba limodzi, bwenzi tili ndi mivi 400 basi, popanda nkhondo. Ku Hod Hill, ku Dorset komweko, Aroma anafikadi: anamanga msasa wawo pakona ya linga la eni dziko, ndipo Ian Richmond, amene anakumba kumeneko m'zaka za m'ma 1950, anapeza nsonga za mivi ya makina zitazungulira nyumba imodzi. Ngakhale pamenepo pali amene amati mwina asilikali ankangophunzira kulasa pa nyumba yosiyidwa.

Za makolo athu othawira m'mapiri, ganizo lanulo n'lomveka, ndipo akatswiri ena akale ankaonanso malinga a ku Britain ngati malo othawirako basi. Malinga ena, makamaka aakulu opanda kanthu mkati, mwina analidi otero, kapena anali osonkhanirako ndi ziweto pa nyengo zina za chaka. Koma anthu a kwathu amene anakwera mapiri m'zaka za m'ma 1800, pothawa Angoni ndi ogwira akapolo, anakwera mokakamizika ndipo mtendere utabwera ambiri anatsikira kuchigwa. Maiden Castle ndi Danebury anthu anakhalamo mibadwo yambiri, kumanga nyumba pamwamba pa zakale, kukonza misewu, kusunga mbewu. Mitumbira yake inaposa zimene chitetezo chinkafuna. Mzere wamkati wokha wa Maiden Castle ndi wautali makilomita oposa 2, ndipo kuulondera wonse kunkafuna anthu ochuluka kwambiri. Pamwamba pake palibe kasupe, madzi ankachita kukatunga kunsi. Kumbukiraninso kuti mitumbira ija ili yatsopano inali yoyera mbee ndi choko, yooneka kutali. Ine ndimakhulupirira kuti kumanga ndi kukonza mitumbirayo chaka ndi chaka inalinso njira yosonkhanitsira anthu ndi yoonetsera anansi kuti pano pali manja ambiri.

Tsono phale lanu lija. Litembenuzeni muone mkati mwake. Mukaona timizere tosalala tozungulira mofanana, mbiyayo inaumbidwa pa gudumu, ndipo ku Dorset zimenezo kawirikawiri zimaloza ku nthawi ya Aroma kapena pambuyo pake. Likakhala losafanana makulidwe, ndi la manja. Yang'anani pamene linaswekera: mudzaona timchenga, tizidutswa ta mwala kapena ta zigoba timene woumba anasakaniza ndi dongo, ndipo zimenezo n'zimene katswiri amayamba kuona. Mbiya zakuda zopukutidwa mpaka kunyezimira, zadongo la mchenga wambiri, zinkaumbidwa ndi manja kufupi ndi doko la Poole Aroma asanabwere, ndipo zinapitirira kuumbidwa zaka mazana angapo Aroma atabwera, moti mtundu wakudawo pawokha sutchula zaka. Chidutswa cha pamlomo kapena cha pansi pa mbiya chimanena zambiri kuposa cha pamimba. Dziwaninso kuti akalulu amasokoneza dothi, ndiye phalelo likhoza kutiuza kuti munthu wa nthawi yakuti anafika paphiripo, koma silingatiuze nthawi imene mtumbira unamangidwa.

Musalikweche ndi burashi yolimba kapena kulimata ndi guluu. Liikeni m'kathumba, mulembe tsiku ndi malo enieni amene munalitola, ndipo foni yanu ikhoza kukupatsani manambala a malowo pa mapu. Ku England zopezeka m'munda zimakhala za mwini malo, choncho ndi bwino kumudziwitsa. Chonde musakumbe, ndipo musalole mnzanu kubwera ndi makina ofufuzira zitsulo musanadziwe ngati phirilo ndi lotetezedwa, chifukwa lamulo la 1979 loteteza malo akale limaletsa zimenezi pa malo olembedwa popanda chilolezo. Pali ndondomeko yotchedwa Portable Antiquities Scheme, imene ku England imayendetsedwa ndi British Museum, ndipo dera lililonse lili ndi wogwira ntchito wake amene amaona zinthu zotoledwa ndi anthu wamba n'kuzilemba ulere. Ku Dorset Museum, mu Dorchester momwemo, angakuuzeni mmene mungamupezere, komanso mungaone zofukulidwa ku Maiden Castle n'kuyerekeza ndi phale lanu. Khonsolo ya Dorset imasunga kaundula wa malo akale a m'deralo, ndipo mukawapatsa dzina la phirilo adzakuuzani ngati wina analiyezapo kale ndi zimene anapeza. Popita mutenge zithunzi za mtumbirawo zojambulidwa m'mawa kwambiri kapena madzulo dzuwa litapendeka, makamaka m'nyengo yozizira udzu uli waufupi, chifukwa nthawi imeneyo ngalande yosaya imaoneka bwino.